Kupezererana kwa Ana pa Sukulu ndi Umoyo Wawo

Phunziro la mwezi uno likukhudza vuto limene silioneka poyesa magazi, ngakhale limafika pa chipatala chaching'ono chilichonse. Mayi amabwera ndi mwana wa zaka 9 amene akudandaula mutu ndi m'mimba. Amuyesa malungo, osapezeka. Amupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, koma patapita milungu iŵiri abweranso. Mwanayo wayambiranso kukodza pamphasa, chinthu chimene adaleka kalekale. Mukafunsitsa mupeza kuti m'mimbamo mumapota Lolemba m'maŵa, pamene Loŵeruka ndi Lamulungu mwana amaseŵera bwinobwino, ndipo sukulu ikatsekera sadwala konse. Ambiri a ife timafulumira kunena kuti ndi ulesi, ndipo nthaŵi zina ndi ulesidi. Komatu kaŵirikaŵiri mwana wotereyu ali nacho chimene akuopa ku sukulu, ndipo chimenecho ndi ana anzake.

Munthu amene adathera moyo wake wonse pofufuza nkhani imeneyi ndi Dan Olweus. Iye adabadwa ku Sweden m'chaka cha 1931, ndipo adamwalira m'chaka cha 2020. Adali katswiri wa maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, ndipo kuyambira 1970 adali mphunzitsi wamkulu wa maphunziro ameneŵa pa Yunivesite ya Bergen, m'dziko la Norway. Maiko aŵiriŵa ali kumpoto kwa Ulaya, kutali kwambiri ndi kuno, koma zimene bamboyu adapeza kumeneko zikhoza kumthandiza kholo lililonse limene lili ndi mwana pa sukulu.

ANAPIYE OJOMPHEDWA

Iye asanayambe ntchito yake, dokotala wina wa ku Sweden komweko, Peter-Paul Heinemann, adali atalemba m'chaka cha 1969 za magulu a ana amene amaunjirira mwana mmodzi ndi kumuzunza. Dokotalayo adayerekeza khalidweli ndi zimene nyama zimachita, monga momwe timbalame timaunjirira kadzidzi tikamupeza masana. Anthu a ku Sweden adakambirana za izi kwambiri m'nyuzi, koma padalibe amene adali ataŵerenga kuti ana ovutikawo ndi angati, ndi otani, ndipo oŵavutitsawo ndani.

Olweus adayamba kuŵerengako m'chaka cha 1970. Adatenga anyamata pafupifupi 900 a zaka za pakati pa 12 ndi 16, a m'sukulu za dera la mzinda wa Stockholm. Adafunsa anyamatawo, adafunsa aphunzitsi awo, adafunsanso makolo. Zimene adapeza adazilemba m'buku limene lidatuluka m'chinenero cha ku Sweden m'chaka cha 1973, ndiponso m'Chingerezi m'chaka cha 1978. Liwu loyamba la dzina la bukulo m'chinenero cha kwawo limatanthauza anapiye ojomphedwa. Amene mumaŵeta nkhuku mukudziŵa chimene chikunenedwa: m'khola mumapezeka kamwanapiye kamodzi kamene anzake amangokajompha pamutu tsiku ndi tsiku, kosadya mokwanira, mpaka kamathothoka nthenga ndi kupinimbira.

Iye sadagwirizane kwenikweni ndi fanizo la timbalame ndi kadzidzi lija. Adaona kuti kaŵirikaŵiri si gulu lonse limene limangodzuka mwadzidzidzi kukaukira mwana. Pamakhala mwana mmodzi, kapena aŵiri kapena atatu, amene amatsogolera, ndipo ndi omwewo mwezi ndi mwezi, ngakhale chaka ndi chaka. Wovutitsidwayonso amakhala yemweyo.

KODI KUPEZERERA NCHIYANI?

Pano tiyenera kumvetsana bwino, pakuti ana amakangana ndipo amamenyana, ndipo si ndewu iliyonse imene tikuinena. Olweus adati kupezerera kumadziŵika ndi zinthu zitatu zikakhala pamodzi. Choyamba, wochitayo amachita dala kuti mnzake amve kuŵaŵa, kaya m'thupi kaya mumtima. Chachiŵiri, amachita mobwerezabwereza kwa nthaŵi yaitali. Chachitatu, chimene ndi chachikulu pa zonsezi, mphamvu za aŵiriwo sizifanana, kotero kuti wochitiridwayo sangathe kudziteteza. Anyamata aŵiri a msinkhu umodzi akagwebana chifukwa cha mpira, ameneyo ndi mkangano chabe, ndipo maŵa lake muŵapeza akudyera limodzi nzimbe. Koma mnyamata wa Sitandade 7 akamalanda chimanga chokazinga cha kamwana ka Sitandade 2 tsiku lililonse, nakaopseza kuti kakanena kaona, kumeneko ndiye kupezerera.

Mphamvu zimene tikunenazi si za m'manja zokha. Mwana akhoza kuposa mnzake chifukwa ali ndi gulu pamene mnzakeyo ali yekha, kapena chifukwa ali ndi pakamwa pakuthwa. Nchifukwa chake Olweus adasiyanitsa kupezerera koonekera, monga kumenya, kukankha, kulanda zinthu ndi kutchula maina achipongwe, ndi kupezerera kobisika, monga kumusala mwana pa maseŵera, kumujeda, ndi kuŵanyengerera anzake onse kuti aleke kuyenda naye. Kwachiŵiriku kumachitika kwambiri pakati pa atsikana, ndipo mphunzitsi akhoza kukhala ndi kalasi chaka chathunthu osakuzindikira, popeza sikusiya chilonda choti munthu achione.

ANYAMATA ATATU A KUMPOTO KWA NORWAY

Kwa zaka khumi akuluakulu a maphunziro sadachitepo kanthu kwenikweni pa zimene Olweus ankanena. Zinthu zidasintha kumapeto kwa chaka cha 1982, pamene nyuzi za ku Norway zidalengeza kuti anyamata atatu a kumpoto kwa dzikolo, a zaka za pakati pa 10 ndi 14, adadzipha, ndipo zidaoneka kuti chidaŵachititsa ndi kuzunzidwa koopsa ndi anzawo a pa sukulu. Dziko lonse lidagwidwa ndi chisoni ndi manyazi. M'chaka cha 1983 unduna wa maphunziro wa dzikolo udayambitsa ntchito yolimbana ndi kupezererana m'sukulu zonse za pulaimale ndi za sekondale yoyambirira, ndipo Olweus adali pakati pa ntchitoyo.

Iye adakonza pepala la mafunso limene mwana aliyense ankayankha yekha, osalembapo dzina lake. Mfundo yosalemba dzinayi ndi yofunika, pakuti mwana woopsezedwa sangaulule pamaso pa kalasi. Ana pafupifupi 130,000 a m'sukulu zoposa 700 adayankha mafunsowo. Zidapezeka kuti ana 15 mwa ana 100 alionse, ndiko kuti mwana mmodzi mwa ana 7, ankakhudzidwa ndi vutoli. Ana 9 mwa 100 ankavutitsidwa, ana 7 mwa 100 ankavutitsa anzawo, ndipo ena ochepa adali mbali zonse ziŵiri. Poŵerengera dziko lonse la Norway, ameneŵa adali ana pafupifupi 84,000.

Mapepalawo adaulula zinanso. Ana aang'ono a m'makalasi oyambirira ndiwo ankavutika kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo ankavutitsidwa ndi ana a m'makalasi apamwamba. Anyamata ndiwo ankachita kwambiri zimenezi, ngakhale kwa atsikana. Ngakhale makolo ndi aphunzitsi ambiri ankaganiza kuti zoipazi zimachitikira m'njira popita ndi pobwera, ana adayankha kuti zambiri zinkachitikira pa sukulu penipeni, makamaka pa bwalo nthaŵi yopuma. Chomvetsa chisoni koposa nchakuti oposa theka la ana ovutitsidwawo adati mphunzitsi wa kalasi lawo sadalankhule nawo za vutolo nkamodzi komwe. Kunyumba nakonso makolo ambiri sankadziŵa kanthu.

Ife a zaukhondo ntchito yotereyi timaidziŵa. M'mudzi mukabuka matenda otsekula m'mimba, sitiyamba nkukalipira odwala. Timayamba taŵerenga kuti odwala ndi angati, ali mbali iti ya mudzi, ndipo amatunga pa chitsime chiti. Tikachipeza chitsimecho mpamene timadziŵa chochita. Olweus adachita chimodzimodzi ndi nkhanza za ana, ndipo m'kuona kwanga apa ndi pamene pagona ulemu wa ntchito yake. Chinthu chimene anthu ankachiyesa chibadwa cha ana, chosatheka kuchisintha, iye adachitenga monga vuto limene lili ndi poyambira, malo ake ndi nthaŵi yake, ndipo motero likhoza kupeŵedwa.

ZIMENE AMBIRI TIMAKHULUPIRIRA

Anthu ambiri amati mwana amavutitsidwa chifukwa cha maonekedwe ake: kunenepa, kufupika, magalasi a maso, kapena kalankhulidwe ka kwina. Pakati pa anyamata a ku Stockholm aja, Olweus adapeza kuti ovutitsidwa sadali osiyana kwenikweni ndi anzawo pa maonekedwe, kupatula chinthu chimodzi: adali ochepa mphamvu. Iye adafotokoza kuti pafupifupi munthu aliyense ali ndi kena kake kosiyana ndi anzake, ndipo wopezerera amayamba wasankha mwana amene sangabwezere, kenaka ndiye amafunafuna chomunenera. Mwana wosankhidwayo kaŵirikaŵiri amakhala wofatsa, wamanyazi, wosachedwa kulira, ndiponso wopanda bwenzi ngakhale mmodzi m'kalasi. Tiyenera kuonjeza kuti ofufuza amene adabwera pambuyo pake adapeza kuti ana olumala ndi ana onenepa kwambiri amavutitsidwadi koposa anzawo. Kuno kwathu tonse tikudziŵa zimene amakumana nazo mwana wachialubino, mwana wodwala khunyu, ndi mwana wachibwibwi. Koma mfundo ya Olweus ikadali yoona pa mbali iyi, yakuti mwana wotere akakhala ndi anzake omuimira kumbuyo, opezerera amamulambalala.

Chikhulupiriro china nchakuti mwana wovutitsa anzake ndi wamantha m'kati, ndipo amachita nkhanza pofuna kubisa kudzikayikira kwake. Olweus adayesa zimenezi m'njira zingapo, ndipo sadapeze umboni wake. Anyamata opezerera ambiri sadali amantha kuposa anzawo. Adali okonda kulamula ena, osaona choipa pa ndewu, ndiponso osamva chisoni mnzawo akamalira. Ambiri adalinso amwano kwa aphunzitsi ndi kwa makolo awo omwe.

Adapezanso kuti kukula kwa sukulu kapena kuchuluka kwa ana m'kalasi sikudali chifukwa chake, ndipo sukulu za kumidzi sizidali bwino kuposa za m'mizinda. Apa ndichenjezeko. Makalasi amene iye ankayerekeza adali a ana osapitirira 30. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere m'Malaŵi, si chachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100, ena a iwo akulu ndi zaka zinayi kapena zisanu kuposa anzawo a m'kalasi momwemo. Zimene zidapezeka ku Norway pa nkhani ya kukula kwa kalasi sitingazitenge monga momwe ziliri. Chimene tingatenge ndi china chimene iye adachiona poyerekeza sukulu ndi sukulu inzake: pamene aphunzitsi oyang'anira ana pa bwalo nthaŵi yopuma adali ambiri, kupezererana kudali kochepa.

KUMENE KHALIDWELI LIMAMERA

Pofunsa makolo a anyamata aja, Olweus adapeza zinthu zinayi zimene zinkapezeka kaŵirikaŵiri pa kakulidwe ka mwana wankhanza. Mwanayo ali wamng'ono sadalandire chikondi ndi chisamaliro chokwanira kwa omulera. Omulerawo ankamulekerera akamamenya abale ake kapena ana a anansi, mwina mpaka kumuseka ndi kumutama kuti ndi mwamuna. Iwo eni ake ankamulanga pomumenya ndi pomukalipira mwaukali. Chachinayi ndi chibadwa cha mwanayo, pakuti ana ena amabadwa a mtima wapachala, koma chimenechi adachipeza kuti mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi ziŵiri zoyambazo.

Chachitatucho ambiri a ife sitichimva bwino, popeza tidakula ndi mkwapulo ndipo timati udatiwongola. Koma taganizani chimene mwana amaphunzira akamenyedwa ndi munthu wamkulu amene iye sangamubwezere. Amaphunzira kuti wamphamvu ndiye amachita chimene afuna kwa wochepa mphamvu, ndipo maŵa lake amakayesa phunziro lomwelo pa kamwana ka Sitandade 1. Dziko la Sweden lidaletsa mwa lamulo kumenya ana, ngakhale m'nyumba, m'chaka cha 1979, ndipo lidali loyamba pa dziko lonse kutero. Izi sizitanthauza kuti mwana asadzudzulidwe. Olweus mwini wake adatsutsa kwambiri kulekerera, ndipo adauika pamodzi ndi kusoŵa chikondi monga mizu iŵiri ikuluikulu ya nkhanza.

ZIMENE ZIMATSALA M'THUPI NDI MUMTIMA

Tibwerere tsono ku chipatala. M'chaka cha 1996 madokotala a ku London adalengeza zimene anamwino a m'sukulu adapeza atafunsa ana pafupifupi 3,000 a zaka za pakati pa 7 ndi 10, a chigawo cha kum'maŵa kwa mzindawo. Mwana mmodzi mwa ana asanu adati adavutitsidwapo. Ana ameneŵa ndiwo ankadandaula kwambiri kuposa anzawo za kupweteka kwa mutu, kupweteka kwa m'mimba, kusagona tulo, kukodza pogona, ndi kukhala achisoni. Mwana akamavutitsidwa pafupipafupi, zizindikirozo zinkachulukanso. Ofufuza a ku Netherlands adatsata ana kwa chaka cha sukulu, napeza kuti amene ankavutitsidwa poyamba pa chaka ndiwo adadzayamba kudandaula zoterezi pambuyo pake.

Mwana woteroyo sakunama ayi. Munthu akakhala ndi mantha, thupi limatulutsa timadzi timene timafulumizitsa mtima, timalimbitsa minofu ya m'khosi ndi ya m'mutu, ndipo timasokoneza kayendedwe ka matumbo. Thupi lidapangidwa kuti lichite zimenezi kwa kanthaŵi kochepa, monga munthu akakumana ndi njoka panjira. Mantha akakhala a tsiku ndi tsiku kwa miyezi, mutu umapwetekadi, m'mimba mumapotadi, chilakolako cha chakudya chimatha, ndipo tulo timasoŵa. Mwana wosagona ndi wosadya sangamve za m'kalasi. Amalephera mayeso, amabwereza kalasi, ndipo ena amangoisiya sukuluyo, makolo nkumati mwana alibe mutu wa sukulu.

Olweus adatsata anyamata ake mpaka atakula. Amene ankavutitsidwa, pofika zaka 23 ambiri adali atakhazikika bwino pa moyo wawo ndipo palibe amene ankaŵavutitsanso, komabe adali okhumudwa ndi odziona ngati opanda pake kuposa anzawo. Za opezererawo ndiye nzoopsa. Mwa anyamata 100 amene adadziŵika kuti ndi ovutitsa anzawo ali pa sukulu, pafupifupi 60 adali atapezeka olakwa m'bwalo la milandu kamodzi kapena kuposa pofika zaka 24. Pakati pa 35 ndi 40 mwa 100 adali atapezeka olakwa katatu kapena kuposa, pamene mwa anyamata ena onse adali 10 okha mwa 100. Kotero kholo limene limanyadira kuti mwana wake ngoopedwa pa sukulu liyenera kuda nkhaŵa chimodzimodzi ndi kholo la mwana womenyedwayo.

SUKULU 42 ZA KU BERGEN

Kudziŵa vuto nkosakwanira. Pakati pa 1983 ndi 1985 Olweus adayesa njira yake yochepetsera kupezererana m'sukulu 42 za mzinda wa Bergen, momwe adatsata ana pafupifupi 2,500 a zaka za pakati pa 11 ndi 14. Njirayo idalibe mankhwala kapena makina, ndipo siidalire akatswiri ochokera kunja kwa sukulu. Poyamba ana ankayankha pepala la mafunso lija. Kenaka aphunzitsi ndi makolo ankakhala pansi kumva zotsatira za sukulu yawoyawo, pakuti munthu amakana msanga za kwina koma za pakhomo pake sangazikane. Aphunzitsi ankagaŵana zoyang'anira bwalo nthaŵi yopuma, ndipo ankagwirizana kuti aliyense akaona mwana akuzunzidwa aloŵererepo pomwepo, osayang'ana kumbali.

M'kalasi lililonse mphunzitsi ndi ana ankapangana malamulo ochepa, osavuta kukumbukira: osavutitsa mnzako, kuthandiza amene akuvutitsidwa, ndi kumuitana pa maseŵera mwana amene watsala yekha. Ankakhala ndi msonkhano wa kalasi kaŵirikaŵiri kukambirana momwe malamulowo akuyendera. Mwana akapezeka akuzunza mnzake, mphunzitsi ankalankhula naye payekha mosanyengerera, ankaitana makolo ake, ndipo chilango chinkaperekedwa nthaŵi zonse, koma chosamenya ndi chosanyoza. Wovutitsidwayo ankalonjezedwa chitetezo, ndipo akuluakulu ankaonetsetsa kuti lonjezolo lasungidwa. Mwana amene waulula, kenaka nkumenyedwa koposa chifukwa choulula, sadzanenanso kanthu kwa munthu wamkulu.

Patapita miyezi 8, ndiponso patapita miyezi 20, ana adayankhanso mafunso aja. Kupezererana kudatsika ndi pafupifupi theka. Sikudasamukire m'njira monga ena ankaopera. Kuba, kuwononga katundu wa sukulu ndi kujomba nazonso zidachepa. Zonsezi adazilemba m'buku lake la 1993 lotchedwa Bullying at School, limene lidamasuliridwa m'zinenero zambiri.

Tisabise kuti kwina kumene njira zotere zidayesedwa zotsatira sizidafike pa za ku Bergen. M'chaka cha 2011 akatswiri aŵiri a ku Cambridge, Maria Ttofi ndi David Farrington, adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 44 wa m'maiko osiyanasiyana, ndipo adapeza kuti njira zoterezi zimachepetsa kupezererana ndi magawo pafupifupi 20 mwa 100. Zimene zinkathandiza kwambiri ndi misonkhano ya makolo, kuyang'anira bwino bwalo la maseŵera, mwambo wokhazikika, ndi kupitiriza ntchitoyo kwa nthaŵi yaitali. Zikufanana ndi chimbudzi cha pa sukulu: kukumba ndi kwa mwezi umodzi, koma chikapanda kusesedwa tsiku ndi tsiku ntchentche zimabwerera.

OONERERA

Mbali ina imene Olweus adaikhudza, koma ena adaizamitsa, ndi ya ana amene amangoonerera. Christina Salmivalli wa ku Finland adaonetsa m'chaka cha 1996 kuti pamene mwana akuzunzidwa, pafupifupi mwana aliyense m'kalasi amakhala ndi mbali yake. Ena amathandiza wozunzayo, monga pomugwira mnzawo manja. Ena sakhudza munthu koma amaseka ndi kuchemerera. Ena amachoka mwakachetechete ngati sadaone. Ochepa okha ndiwo amaimira wozunzidwayo. Wopezerera amafuna kutchuka, ndipo malipiro ake ndi kuseka kwa anzake. Pa mfundo imeneyi mayiyu ndi anzake a pa Yunivesite ya Turku adakonza njira yotchedwa KiVa, imene idayamba kufalikira m'sukulu za dziko la Finland m'chaka cha 2009.

Ku Toronto, m'dziko la Canada, ofufuza adajambula ana akuseŵera pa bwalo la sukulu. Adapeza kuti pa nkhanza 10 zilizonse, zoposa 8 zinkachitika ana ena ali pomwepo. Koma mwana wina akalimba mtima nkuletsa, koposa theka la nthaŵi zotere nkhanzazo zinkatha pasanathe masekondi 10. Inu amene mwana wanu savutitsidwa ndipo savutitsa, nkhaniyi ikukukhudzani pamenepa. Mufunseni madzulo ano kuti m'kalasi mwawo ndani amene amadya yekha, ndipo iye amatani anzake akamamuseka mwanayo. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

KWATHU KUNO

Wina angati izi nza Azungu. Bungwe la UNESCO lidalengeza m'chaka cha 2019 kuti pa dziko lonse mwana wa sukulu mmodzi mwa atatu adali atavutitsidwa ndi anzake m'mwezi umodzi wokha asanafunsidwe, ndipo m'maiko a mu Afirika a kumwera kwa chipululu cha Sahara chiŵerengerocho chidali pafupifupi theka la ana. M'Malaŵi momwe muno, kafukufuku wa umoyo wa ana a sukulu wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti ana oposa 40 mwa 100 adati adavutitsidwa. Mafunso a kafukufukuyu sadali ofanana ndendende ndi a Olweus, kotero sitinganene kuti kuno vuto nlochuluka katatu kuposa ku Norway, koma nzoonekeratu kuti si laling'ono.

Tili nawonso mwambo woipa wa m'sukulu zina zogonera konko, umene ana amautcha kutiza, pamene a Fomu 1 amachapitsidwa zovala za akuluakulu, amalandidwa ndiwo ndi ndalama, ndipo amadzutsidwa pakati pa usiku. Amene adapyola m'zimenezi amaziseka akakula, namati zidaŵalimbitsa. Tikayesa ndi muyeso wa Olweus, zinthu zitatu zija zonse zilipo: nzadala, nzobwerezabwereza, ndipo wamng'ono sangadziteteze. Amene amasekawo ndi amene adapirira mpaka kumaliza. Amene adathaŵa sukulu pa teremu yoyamba sapezeka pa macheza otero kuti anene mbali yawo.

Pa maulendo anga oyendera ukhondo wa m'sukulu ndimaona kuti zimbudzi zimakumbidwa kutali ndi makalasi, monga malamulo a ukhondo afunira, koma malo omwewo ndi amene diso la mphunzitsi silifikako. Ana aang'ono ena amadzigwira tsiku lonse, kapena amapita kutchire, chifukwa choopa akuluakulu amene amakhala kuseri kwa zimbudzizo. Pa mjigo ndi pa mzere wa phala ndi pomwenso wamphamvu amakankha wofooka. Komiti ya sukulu ndi gulu la amayi a pa sukulu akhoza kugaŵana masiku oti munthu wamkulu mmodzi azikhala pafupi ndi malo atatuŵa nthaŵi yopuma. Zimenezi sizilira ndalama.

MWANA AKAFIKA NAZO KWA INU

Mwana wodandaula mutu kapena m'mimba ayambe wapimidwa ku chipatala, pakuti malungo, likodzo, njoka za m'mimba ndi kuchepa kwa magazi nzofala ndipo zili ndi mankhwala ake. Koma muŵauze adokotala kapena anamwino ngati mwaona kuti kudwalako kumatsata masiku a sukulu. Yang'ananinso zina: malaya ong'ambika ndi mikwingwirima imene mwana sakufotokoza bwino, makope ndi zolembera zosoŵa kaŵirikaŵiri, kupempha kapena kuba ndalama pakhomo, kuzungulira njira yaitali popita ku sukulu, kubwera ndi njala ngakhale mudamupatsa kamba, ndiponso kusakhala ndi mnzake aliyense wodzamuchezera.

Musamufunse pagulu kapena mokalipa. Mufunseni muli aŵiri, mwina mukupita kumunda kapena mukusenda mbatata, ndipo yambani ndi mafunso apatali, monga akuti amaseŵera ndi yani, nanga nthaŵi yopuma amakhala kuti. Akaulula, mukhulupirireni, ndipo mumuuze kuti wachita bwino kunena. Musamunyoze kuti ndi wopusa, ndipo musamutume kukabwezera, pakuti akadakhala ndi mphamvu zobwezera sakadasankhidwa. Inunso musapite kukamenya mwana wa eni ake, chifukwa mkangano wa ana udzasanduka mlandu wa mabanja kwa amfumu, mwana wanu nkutsala pakati. Pitani kwa mphunzitsi wa kalasi ndi kwa mphunzitsi wamkulu, nenani zimene zidachitika, malo ake ndi masiku ake, ndipo mupangane tsiku lodzabweranso kudzamva chimene chachitika. Patsikulo mubweredi.

Ngati aphunzitsi akuitanani chifukwa mwana wanu ndiye wovutitsa anzake, musayambe nkukana kapena kumuikira kumbuyo. Mumuuze mosabisa kuti khalidwelo mwalidziŵa ndipo simulilola. Abweze zimene adalanda, mumuchotsere zina zimene amakonda kwa masiku angapo, ndipo muzidziŵa kumene ali ndi amene akuyenda nawo. Akachita chabwino kwa mng'ono wake kapena kwa mnzake, muyamikireni pomwepo.

Mwana akavulazidwa, akagwiridwa malo obisika, kapena akaopsezedwa ndi mpeni, nkhaniyo yapyola pa sukulu, ndipo iyenera kufika ku chipatala, kwa alangizi oteteza ana, ndi ku polisi. Ndipo mwana akayamba kunena kuti kuli bwino atafa, kapena kuti posachedwa simudzavutika nayenso, musayese nthabwala kapena mwano. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbeu, a makoswe ndi a thonje, pamodzi ndi zingwe, ndipo mubwere naye kuno ku chipatala tsiku lomwelo.